GALIMOTO YANU: KWA DILA KAPENA KWA MAKANIKO WA KU SAKUBVA?

Abale anga a m'migodi, sabata ino ndafuna kuti ticeze za cinthu cimene cikudya ndarama za anzathu ambiri kuno ku Mutare, ndico sevisi ya galimoto. Ine nchito yanga ndi ya ukalaliki, ndipo mapepala a malipiro amadzera m'manja mwanga; cifukwa cace ndidziwa miyezi imene munthu amadzimana ndiwo kuti agule ka Honda Fit kapena Toyota Probox. Akagula, funso limene amabwera nalo ku ofesi ndi ili: kodi ndizipita nayo ku garaja yaikuru ya kampani yogulitsa magalimoto atsopano, kumene timati kwa dila, kapena kwa makaniko wa ku Sakubva amene amagwira nchito pansi pa mtengo? Walira mvula walira matope, ndipo matope a galimoto ndi amenewa.

Poyamba tione cimene munthu amalipira kwa dila. Oilo ndi fyuluta si zimene zimakweza mtengo kweni-kweni ai. Mumalipira maola a makaniko, lendi ya nyumba, magetsi, msonkho, ndi kalaliki wonga ine amene akulemberani lisiti. Pobwezera, iwo amakupatsani zitsulo zeni-zeni za ku fakitale, amaika galimoto pa kompyuta yoona matenda ace, ndipo amadinda m'buku la sevisi.

Cidindo cimeneci ndico mwini nkhani. Galimoto yatsopano imadza ndi waranti, ndilo lonjezo la kampani lakuti cikaonongeka cina mwa cilema ca ku fakitale adzakonza okha osakulipiritsani. Koma lonjezoli liri ndi malamulo ace: sevisi icitike pa nthawi yace, ndiponso ku garaja imene iwo aibvomereza. Tsono kwa munthu kapena mgodi umene wagula Hilux yatsopano, kuthawa kwa dila cifukwa ca mtengo ndi kutaya cacikuru posunga cacing'ono. Pamenepa palibe zokangana.

Koma ndi angati mwa ife amene agula yatsopano? Mzinda uno unayamba kulumikiza magalimoto atsopano m'caka ca 1960, pamene unkadziwika ndi dzina lakuti Umtali, m'fakitale ya BMC imene pambuyo pace inadzakhala Quest Motors. Lero lino zodzaza m'miseu yathu ndi zogwira kale nchito ku Japan. Zinacuruka kotero kuti m'caka ca 2021 Boma la Zimbabwe linaika lamulo lokhwimitsa kulowetsa galimoto ya zaka khumi kapena kuposa. Galimoto yotere iribe waranti ya fakitale, buku lace kawiri-kawiri linatsala kutsidya kwa nyanja, ndipo makilomita olembedwa pa wochi yace si onse amene anganene zoona. Kupita nayo kwa dila kukangosintha oilo, ine ndikuona kuti ndi kugula denga ndi mpando wofewa wodikirirapo. Makaniko wodziwa nchito yace angathe kucita zomwezo pa mtengo wocepa.

Cimene cimapha injini si kusowa cidindo, koma kucedwa. Taonani masamu awa. Mnzathu amene galimoto yace imanyamula anthu pakati pa Penhalonga ndi tauni, ngati iyenda makilomita 200 pa tsiku, m'masiku 25 okha yakwanitsa 5,000. M'pfumbi la m'miseu ya ku migodi, ndi katundu wolemera, ndi kuima-ima, pamenepo oilo yayenera kale kusinthidwa. Koma iye amawerenga miyezi, nati ndinasintha dzana lomweli. Wina amangothira yoonjezera pamwamba pa yakuda, ngati munthu wothira madzi oyera m'mtsuko wosatsuka.

Ngati mwasankha makaniko wa m'komboni, citani izi. Oilo ndi fyuluta mukagule nokha m'sitolo yodziwika, cigubu ciri cotseka, pakuti zonyenga ziripo ndipo cigubu cace cimaoneka bwino lomwe. Muimirire pomwepo pamene akusintha, ndipo citsulo cakale akupatseni m'manja. Pomaliza mugule kabuku ka ana a sukulu, muzilembamo tsiku, makilomita ndi cimene casinthidwa. Pa tsiku logulitsa galimotoyo, kabuku kameneka kadzakulankhulirani.

Komabe ziripo nchito zina zimene sindingakulangizeni kuti muzipereke kwa munthu wa sipanala ndi nyundo zokha. Yoyamba ndi giyabokosi. Honda Fit zambiri ziri ndi giyabokosi ya mtundu wa CVT, imene imafuna mafuta ace-ace. Mukathiramo mafuta wamba a otomatiki, idzayamba kunjenjemera ponyamuka, ndipo mtengo wa ina ungadye malipiro a miyezi ingapo. Fit ya hybrid imene inaturuka m'caka ca 2013 iri ndi giyabokosi ya mtundu winanso, ndi batire yaikuru ya magetsi oopsa. Izi zimafuna kompyuta ndi munthu wophunzira. Koma funsani kaye musanapereke makiyi, cifukwa nthawi zina dila sasunga zitsulo za mitundu imene iye sanagulitsepo m'dziko lino, ndipo mungadikire nthawi yaitali.

Yaciwiri ndi lamba wa m'kati mwa injini. Hilux ya dizilo ya 2.5 kapena 3.0 D-4D imafuna lamba watsopano pa makilomita 150,000, ndipo imayatsa nyali yokukumbutsani. Lamba ameneyu akaduka galimoto iri kuthamanga, mapisitoni amagunda mavalavu, injini n'kuonongeka. Kuzimitsa nyaliyo osasintha lamba, monga ena amacitira, ndi kumanga cironda ndi nsaru yoyera.

Yacitatu ndi mabuleki, ndipo apa si nkhani ya ndarama yokha. Ali yense wocokera ku Penhalonga kapena ku Harare amatsika Christmas Pass. Mafuta a mabuleki amamwa cinyontho pang'ono-pang'ono, ndipo akakalamba amawira msanga pa mtsetse wautali. Phazi limangolowa pansi, galimoto osaima. Asinthidwe pakapita zaka ziwiri kapena zitatu, ngakhale galimoto isadwale konse. M'galimotomo muli akazi ndi ana a anthu.

Kwa inu amene mukukonzeka kupita kumudzi pa chuthi, kudzera pa Forbes, Catandica, Changara, Tete mpaka Zóbuè ndi Mwanza, ndarama yoonetsa galimoto ku garaja yaikuru kamodzi musaiumire. Kutentha kwa ku Tete kumaulula cilema ciri conse ca radiyeta, mapaipi a madzi ndi matayala. Pitani nayo kudakali masabata awiri, osati madzulo a tsiku lonyamuka. Muwauze kuti akulembereni zonse zimene apeza pamodzi ndi mitengo yace, ndipo asakonze kanthu musanabvomere. Pepalalo mupite nalo kwa makaniko wanu, mugawe nchito: zazing'ono iye, za giyabokosi ndi za magetsi kwa eni kompyuta.