Bruce Lee akadali ndi omutsatira ku Dzivarasekwa

Bruce Lee anamwalira pa 20 July 1973 ku Hong Kong ali ndi zaka 32 zokha, patatsala mwezi umodzi kuti filimu yake ya Enter the Dragon iyambe kuonetsedwa ku America. Mwini wake sanaone kutchuka kwa filimuyi. Koma ngakhale papita zaka zoposa 50, m'makwalala a ku Dzivarasekwa, kumadzulo kwa mzinda wa Harare, mwana akadumpha n'kuponya mwendo m'mwamba anzake amamutchabe Bruce Lee. Ambiri mwa anawa sanaionerepo filimuyi mpaka kumapeto. Dzinali analimva kwa abambo ndi amalume awo.

Kuti munthu amvetse chomwe chinakopa anthu a kuno, ayenera kuyamba wadziwa mbiri ya malowa. Dzivarasekwa inamangidwa m'nthawi ya ulamuliro wa azungu kuti muzikhala antchito a m'nyumba za ku Mabelreign ndi Marlborough: ophika, olera ana ndi osamalira maluwa. Ambiri mwa iwo anali ochokera ku Nyasaland, ku Mozambique ndi ku Northern Rhodesia. Ena anabwera kudzera ku Mthandizi, ena anakwera magalimoto a Ulere, ndipo ena anayenda wapansi kudutsa ku Tete. Eni dziko ankawatcha Mabhurandaya, dzina lochokera ku mzinda wa Blantyre. Mpaka lero zidzukulu zawo zimavina gule wamkulu, amene m'Chishona amati zvigure.

Awa anali anthu onyozedwa kawiri. Kuntchito, bambo wa imvi ankaitanidwa kuti “boyi”, ndipo akaweruka ankakumbutsidwanso kuti ndi wobwera. M'mafilimu ambiri a nthawiyo ngwazi inkakhala mzungu wa pahatchi, mfuti ili m'chiuno. Enter the Dragon inabwera ndi zachilendo. Ngwazi yake inali munthu wochepa thupi, wosakhala mzungu, wopanda mfuti, koma wogwetsa zimphona ndi manja okha. Mnzake wina m'nkhaniyi ndi Williams, munthu wakuda, yemwe mbali yake anasewera Jim Kelly. Apolisi awiri achizungu atamuimitsa usiku n'kuyamba kumuzunza, iye anawagwetsa onse n'kuthawa ndi galimoto yawo. Mnyamata amene anakula akuona bambo ake akufunsidwa chitupa pamsewu sankafuna womasulira kuti amve tanthauzo la gawo limenelo.

Kale anthu a m'makomboni a Harare ankaonera kanema m'maholo a khonsolo, monga Stodart ndi Mai Musodzi ku Mbare kapena Cyril Jennings ku Highfield. Kenaka kunabwera matepi a vidiyo, ma DVD, ndipo tsopano mafoni. Ku Malawi mafilimu a nkhonya anafala kudzera m'tinyumba toonetsera vidiyo m'misika, momwe masiku ano ambiri amakhala omasuliridwa m'Chichewa. Zipangizo zasintha kangapo, koma filimu imene inapangidwa ndi ndalama zokwana madola 850,000 okha sinatayike m'njira. Mu 2004 nyumba yosungira mabuku ya Library of Congress ku America inaiika pa mndandanda wa mafilimu oyenera kusungidwa ngati chuma cha dziko.

Zotsatira zake sizinali zabwino zokhazokha. Anyamata ankadula mpini wa khasu pakati n'kulumikiza zidutswazo ndi tcheni kuti atsanzire chida chomwe Lee ankazunguza, ndipo ambiri ankadzipweteka okha asanamenye aliyense. Ena anangotolapo ndewu basi. Koma analiponso omwe anafuna kudziwa gwero la luso lotere, nakafika kwa aphunzitsi a masewerowa. Kunena zoona, zomwe Lee ankachita si karate. Iye anaphunzira kung fu ya ku China ndipo mu 1967 anayambitsa njira yakeyake yotchedwa Jeet Kune Do, pamene karate inachokera ku Okinawa m'dziko la Japan. M'makomboni zonsezi ankangoti karate. Masewerowa anazika mizu m'Zimbabwe, moti mu 2009 Samson Muripo anapambana mpikisano wa dziko lonse wa Kyokushin karate ku Osaka.

Pali mbali ya nkhaniyi imene ambiri anaiiwala chifukwa maso anali pa nkhonya. Mdani wa Lee, dzina lake Han, ndi munthu wachuma amene amakonza mpikisano pa chilumba chake pofuna kuphimba malonda a mankhwala osokoneza bongo. Pansi pa nyumba yake pali fakitale ya mankhwalawo komanso ndende, ndipo atsikana okopedwa ndi moyo wofewa amasandutsidwa akapolo, ena mitembo yawo n'kupezeka ikuyandama m'nyanja. Mu 1973 izi zinkaoneka ngati za kutali. Lero makolo a ku Dzivarasekwa ndi m'makomboni ena a Harare akulira ndi mutoriro, mankhwala oopsa omwe amasowetsa munthu tulo ndi chilakolako cha chakudya, komanso mankhwala a chifuwa a BronCleer omwe achinyamata amamwa kuti aledzere. Mu 2016 dziko la Zimbabwe linabweza amayi ake omwe anapusitsidwa ndi malonjezo a ntchito ku Kuwait, ndipo mu 2024 wailesi ya BBC inaulula masautso a amayi a ku Malawi omwe ankagwira ntchito za m'nyumba ku Oman. Kwa zidzukulu za antchito a m'nyumba, nkhani ya kupita kutali kukasaka ntchito n'kukapeza ukapolo si yachilendo.

Gawo lina loyenera kulikumbukira ndi la m'sitima ya panyanja. Munthu wina wovutitsa anzake anaputa Lee kuti amenyane. Lee anavomera, koma anati malo ndi ochepa, bola akamenyanirane pa kachilumba kapafupi. Wandewuyo atatsikira m'kabwato, Lee anangomasula chingwe n'kuchipereka kwa anthu omwe ankazunzidwa aja, iye n'kutsala m'sitima. Sanaponye chibakera ngakhale chimodzi. Aphunzitsi a karate amaphunzitsa zomwezo: kusunga nthawi, kugwadira mnzako musanayambe, ndi kudziwa nthawi yochoka pa mkangano.

Ogwira ntchito za chitukuko ali ndi chifukwa chochitira chidwi ndi zonsezi, pakuti vuto losonkhanitsa achinyamata ndi lakalekale. Mu 1948 kunakhazikitsidwa bungwe la Central African Film Unit, lomwe linkapanga mafilimu ophunzitsa anthu a ku Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi Nyasaland za ulimi, ukhondo ndi kusunga ndalama. Ambiri mwa mafilimuwo anaiwalika, mwina chifukwa ankalankhula ndi anthu akuluakulu ngati ana. Filimu ya Neria, yonena za mayi wamasiye wolandidwa chuma, inakhalitsa chifukwa inali ndi nkhani yogwira mtima komanso nyimbo za Oliver Mtukudzi. Anthu amabwerera ku nkhani imene akudzionamo.

Mlangizi amene angafune kugwiritsa ntchito Enter the Dragon poyambitsa zokambirana ndi achinyamata ayambe waionera yekha. Muli kuphana, muli zolaula pang'ono, ndipo mlongo wake wa Lee amadzipha pothawa amuna ofuna kumugwira, choncho si ya ana aang'ono. Imatenga mphindi pafupifupi 100, kotero batire ya sola yodzaza bwino ikhale pafupi kuopa kuti magetsi angazime pakati. Ikatha, owonera asafunsidwe kuti anamenya bwino ndani. Afunsidwe kuti chuma cha Han chinkachokera kuti, ndiponso kuti atsikana aja anafika bwanji pa chilumba.