Bele Likacotsedwa: Zimene Mai Angasankhe

Mai akauzidwa kuti bele lake liyenela kucotsedwa cifukwa ca khansa, mantha ake sakhala a imfa yokha ai. Mumtima amafunsanso kuti: "Kodi ndidzaoneka bwanji? Nanga abambo a kunyumba adzati ciani?" Ena amabwelela kumudzi osapondanso ku cipatala, ndipo matenda amakula mwakacetecete. Komatu khansa ya m'mabele ndi yaciwili pakati pa akazi a m'Zambia, pambuyo pa ya khomo la cibelekelo.

Ambili a ife sitidziwa kuti madokotala angathe kuumba bele lina pamalo pa locotsedwalo. Njila imodzi ndi kuika pacifuwa kathumba ka silikoni kapena ka madzi a mcele. Opaleshoni yake ndi yaifupi, koma kathumbako sikakhala moyo wonse: pakapita zaka kangafunike kusinthidwa. Ndiponso mai amene adzalandila cithandizo ca radiation, monga cimene amapeleka ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka, ayenela kufunsa bwino, pakuti cithandizoci cingaumitse mnofu wozungulila kathumbako, bele n'kumapweteka. Ndiye cifukwa cake madokotala kawilikawili amati tiyambe tatha kucilitsa, kuumba kubwele pambuyo.

Njila ina ndi kutenga khungu ndi mafuta a mai mwini, pamimba kapena kumsana, ndi kuumba nazo bele. Limakhala lofewa ngati lacibadwa, popeza ndi thupi lake lomwe. Koma opaleshoni imatenga maola ambili, mabala amakhala awili, ndipo kucila kumafuna milungu 6 mpaka 8. Tiganizile mai amene amatunga madzi, kusinja ndi kulima yekha: adzam'gwilila nchito ndani masiku onsewo? Funso ili tisalipeputse, makamaka ife acibale. Akatswili a opaleshoni yotele ndi ocepa m'dziko lathu, motelo ulendo ndi ndalama nazonso zimalowa m'nkhani.

Tinene zoona: bele loumbidwa siliyamwitsa, ndipo nthawi zambili silimva kukhudza monga lakale. Koma silibweza khansa.

Aliponso amai amene safuna mpeni kaciwili. Amavala bele lopanga, la silikoni kapena loluka ndi thonje, m'kati mwa kamisolo. Ena amangokhala conco, ndipo sanalakwe. Cimene citidandaulitsa ndi mwamuna kapena apongozi kuyankha dokotala mwini thupi ali cete pambali. Mwamuna apite naye, amve, afunse, koma mau otsiliza akhale a mkazi wake.

Nthawi yabwino yofunsa ndi pamene tsiku la opaleshoni lisanafike, pakuti dokotala akadziwa cimene mai afuna, amaona kuculuka kwa khungu limene angasiye. Koma amene anacotsedwa bele zaka zapitazo angathebe kufunsa lelo.