Chifukwa Chake Ulendo wa Pandege Wochoka ku New York Kupita ku London Umafulumira

Kuchokera pabwalo la ndege la Heathrow ku London kukafika pabwalo la John F. Kennedy ku New York pali mtunda wa makilomita pafupifupi 5,550. Mtundawu susintha, koma ndege yopita ku New York imatenga maola pafupifupi 8, pomwe yobwerera ku London imatenga maola 7 kapena kucheperapo. M'nkhani ino ndikufuna kufotokoza gwero la kusiyanaku.

Gwero lake ndi mphepo. Ndege zikuluzikulu zimauluka pamtunda wa makilomita 10 kapena 12 kuchokera pansi, paliwiro la makilomita pafupifupi 900 pa ola. Kumwambako, pamwamba pa nyanja ya Atlantic, kumaomba mphepo yamphamvu yochokera kuzambwe kupita kuvuma. Mphepoyi imabadwa pamene mpweya wozizira wa kumpoto wakumana ndi mpweya wofunda wa kumwera, ndipo m'nyengo yozizira liwiro lake limatha kupitirira makilomita 200 pa ola.

Ndikuona kuti chitsanzo cha bwato chingatithandize. Wopalasa bwato motsata madzi a mumtsinje amafika msanga, koma wopalasa mokwera mtsinje amakhetsa thukuta. Ndege yochoka ku New York imalowera kuvuma, choncho mphepo imaikankha kumbuyo. Yochoka ku London imalimbana nayo maso ndi maso, ndipo nthawi zambiri imatentha mafuta ochuluka. N'chifukwa chake njira za ndege panyanjayi zimakonzedwa tsiku ndi tsiku: opita kuvuma amaifunafuna mphepoyo, opita kuzambwe amailambalala.

Umboni wake unaoneka mu February 2020, nthawi ya namondwe wotchedwa Ciara. Ndege ya British Airways ya mtundu wa Boeing 747 inachoka ku New York n'kutera ku London patangotha maola 4 ndi mphindi 56.

Chinanso chimene chimasokoneza apaulendo ndi wotchi. Nthawi ya ku London imatsogola ndi maola 5 pafupifupi chaka chonse. Munthu wonyamuka ku London 10 koloko m'mawa amatera ku New York 1 koloko masana, ngati wayenda maola 3 okha, chonsecho wakhala m'ndege maola 8. Wonyamuka ku New York 7 koloko madzulo amafika ku London 7 koloko m'mawa, ngakhale wauluka maola 7 basi. Amene sawerengera bwino zimenezi akhoza kuphonya ndege yachiwiri yomwe amayenera kukwera, kapena kudikiritsa abale pabwalo.

Pomaliza, ndinganene kuti mtunda pawokha sutiuza kutalika kwa ulendo wa pandege. Wofuna kudziwa nthawi yofikira afunse mbali imene ndege ikulowera, nyengo ya chaka, komanso wotchi ya mzinda umene akukatera.