MAKANIKA AKABVULALA, ADZALIPIRA CIPATALA NDANI?

PAFUPI ndi msika uliwonse m'makomboni a m'Chipata, kaya ku Kapata, ku Mchini kapena ku Navutika, pamapezeka galaji. Nthawi zambiri si nyumba ai, koma mthunzi wa mtengo wa mango, bokosi la masipanala, jeke imodzi, mwini galaji ndi anyamata atatu kapena anai. Matakisi, maminibasi ndi malole onyamula cimanga amayenda cifukwa ca manja a anthu amenewa. Mabanja ao nawonso amadyera m'manja omwewo.

Koma umakanika ndi nchito yokhala ndi ngozi zambiri. Mnyamata akagonekedwa m'wodi, funso limakhala limodzi: adzalipira ndani? Mwini galaji amati ndalama palibe cifukwa mwini motoka sanalipire. Mkazi wa wobvulalayo amayamba kugulitsa wailesi ndi mapoto, kapena kukatenga kaloba. Pamene bambo acira, banja limakhala litalowa kale m'nkhongole.

Ngozi za pa galaji

Anchito a cipatala amazidziwa bwino ngozi zocokera ku magalaji. Tizitsulo touluka pa gilayinda timalowa m'diso, ndipo tikakhalamo timacita dzimbiri ndi kusiya cipsera cimene cimacepetsa kuona. Wowocherera zitsulo popanda cochinga kumaso samva kanthu masana, koma patapita maola 6 mpaka 12 amadzuka usiku maso akuwawa ngati muli mcenga.

Asidi wa m'batire amaocha khungu ndi maso. Madzi a mu redieta amaphulikira kumaso kwa munthu wotsegula citsekero injini ikali yotentha. Wopopa petulo ndi pakamwa angaikokere m'mapapo ndi kudwala cibayo coopsa. Utsi wa injini yolizidwa m'malo otsekeka uli ndi mpweya wosanunkha umene umakomola ndi kupha. Ndipo motoka woimikidwa pa jeke yokha kapena pa njerwa akagwa, amathyola nthiti, miyendo kapena msana.

Cithandizo coyamba ndi madzi oyera. Pamene papsa ndi moto, madzi otentha kapena asidi, pathiridwe madzi ozizira oyenda kwa mphindi 20. Diso lolowa asidi litsukidwenso motero, wodwala asanapite ku cipatala. Womwa petulo asamusanzitse. Cizolowezi cothira oilo ya mabuleki kapena ya injini pa cironda ndi coipa, cifukwa zimenezi zimapha mnofu ndi kucedwetsa kupola. Cironda cakuya ca citsulo cifunika kutsukidwa ku kiliniki, ndipo kumeneko adzaona ngati munthuyo afunika nyeleti ya kafumbata.

Kulipira ku cipatala

Akulu-akulu akumbukira kuti kale cipatala ca boma cinali caulere. Mu 1993 boma linayambitsa malipiro. Linawacotsa m'makiliniki a kumidzi mu 2006, ndipo mu 2012 linawacotsa pa cithandizo coyambirira m'dziko lonse. Ngakhale ziri tero, munthu wothyoka mwendo amafunabe ndalama. Pali zopima zina zolipiritsa pa zipatala zazikulu, mankhwala ogula ngati asowa, ndodo zoyendera, ndi ulendo wa mlonda wa wodwala tsiku ndi tsiku.

Cifukwa ca ici Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo la National Health Insurance Act mu 2018, limene linakhazikitsa bungwe la NHIMA. Zopereka zinayamba mu October 2019, ndipo mamembala anayamba kulandira cithandizo mu February 2020. Ganizo lake ndi lofanana ndi la cilimba: aliyense amaponya pang'ono m'thumba limodzi mwezi ndi mwezi, ndipo amene wadwala ndiye amathandizidwa.

Wanchito amapereka K1 pa K100 iriyonse ya malipiro ake, ndipo womulemba nchito amaonjezapo K1 inanso. Makanika wolandira K2,000 pa mwezi amadulidwa K20, mwini galaji naonjezapo K20. Galaji ya anyamata anai olandira motero imatengera mwini wake K80 pa mwezi, ndalama zosakwana kugula malita anai a petulo. Zoperekazi ziyenera kufika ku NHIMA pasanapite pa 10 mwezi wotsatira.

Membala amalembetsanso mkazi kapena mwamuna wake ndi ana osakwana zaka 18. Amalandira cithandizo pa zipatala ndi mafamasi obvomerezedwa ndi NHIMA: kuonana ndi dokotala, kupima magazi, kujambula, mankhwala, opaleshoni ndi kubereka. Mndandanda wa zimene thumbali limalipira umasinthidwa nthawi zina, motero ndi bwino kufunsa pa desiki ya NHIMA ku cipatala. Okalamba a zaka 65 kupita m'mwamba, olemala osatha kugwira nchito, ndi osauka olembedwa ndi boma sapereka kanthu.

Anyamata ambiri a m'magalaji salandira malipiro a pa mwezi. Amapatsidwa kangacepe motoka ikatuluka. Otere angalembetse okha monga anthu odzilemba nchito. Afunika kukhala ndi reji, kuchula zimene amapeza pa mwezi, ndi kulipira pa foni. Cofunika ndi kusadumphitsa miyezi, cifukwa khadi ya munthu wosalipira siigwira nchito pa tsiku la bvuto.

Khomo laciwiri

Apa ndi pamene eni magalaji ambiri amasokonezeka. NHIMA ndi ya matenda a wanchito ndi banja lake: malungo, shuga, BP, mimba ya amai, cifuwa ca mwana. Ngozi yocitika pa nchito iri ndi khomo lake lina, ndilo bungwe la Workers' Compensation Fund Control Board, limene likulu lake liri ku Ndola.

Ku thumba limeneli amalipira ndi wolemba nchito yekha, caka ndi caka, malinga ndi kuopsa kwa nchitoyo. Nkosaloledwa kudula wanchito pa malipiro ake. Makanika akabvulala pa nchito, thumbali limabweza zoonongedwa ku cipatala ndipo limamupatsa ndalama pa masiku amene sagwira nchito. Akalemala limamupatsa cipukuta misozi kapena penshoni, ndipo akamwalira limathandiza mkazi ndi ana. NHIMA siipereka ndalama za cakudya kwa banja la munthu wogona m'wodi miyezi itatu. Galaji yolembetsa khomo limodzi lokha yavala nsapato phazi limodzi.

Nanga msonkho?

Eni magalaji ali ndi dandaulo lao. Amati pali msonkho wa ZRA, pali NAPSA, pali laisensi ya kanselo, tsopano NHIMA ndi Workers' Compensation. Amafunsa kuti, kodi boma silingacepetseko msonkho kwa munthu amene alipirira anchito ake za umoyo? Funsoli si la kuno kokha. Dziko la United States linayesa njira imeneyi, ndipo zimene zinacitika kumeneko ziri ndi phunziro.

Ku America kulibe thumba limodzi la anchito onse. Ambiri amapeza inshuwalansi ya cipatala kudzera kwa owalemba nchito, amene amaigula ku makampani pa madola zikwi zingapo pa munthu mmodzi pa caka. Lamulo silikakamiza bizinesi ya anchito osakwana 50 kuigula, motero amakanika ambiri a m'magalaji ang'ono-ang'ono amakhala opanda.

Mu 2010 Pulezidenti Barack Obama anasaina lamulo la Affordable Care Act. M'lamulomo muli cokopa ca mabizinesi ang'ono: amene agulira anchito ake inshuwalansi amacotseredwa gawo la ndalamazo pa msonkho wake. Poyamba gawolo linali kufika 35 peresenti, ndipo kuyambira mu 2014 limafika 50 peresenti. Mwini galaji wolipira $20,000 pa caka angacotseredwe mpaka $10,000.

Koma zofunika kukwaniritsa ndi zambiri. Anchito akhale osakwana 25. Mwini bizinesi alipire theka kapena kuposerapo la mtengo wa inshuwalansi ya wanchito aliyense. Kuyambira mu 2014 aigule kudzera pa msika wa boma wochedwa SHOP, ndipo mwai umenewu ndi wa zaka ziwiri zokha zotsatizana. Mwini galaji ndi abale ake sawerengedwa. Gawo lathunthu limapita kwa okhawo a anchito 10 kapena ocepera, olandira malipiro ocepa. Mu 2010 malire ake anali $25,000 pa caka, ndipo cothandizaco cimacepa-cepa mpaka kutheratu pa $50,000. Malirewa amakwezedwa malinga ndi kukwera kwa mitengo. Popeza makanika wodziwa nchito kumeneko amalandira zoposa malire oyambawo, magalaji ambiri amapeza kagawo kocepa.

Mu 2012 ofesi ya boma yofufuza za ndalama, Government Accountability Office, inapeza kuti mabizinesi pafupi-fupi 170,300 okha ndiwo anapindula m'caka ca 2010, pamene oyenerera anali pakati pa 1.4 miliyoni ndi 4 miliyoni. Zifukwa zinali ziwiri: cothandizaco cinali cocepa poyerekeza ndi mtengo wa inshuwalansi, ndipo mapepala ake anali obvuta kudzaza.

Kuno kwathu zinthu ziri mwina. Galaji yaing'ono imalipira msonkho wa turnover tax, umene umawerengedwa pa ndalama zonse zolowa popanda kucotsapo zimene mwini waononga. Conco zopereka za NHIMA sizicepetsa msonkho wake. Koma mtolo wa kuno ndi wopepuka: si madola zikwi-zikwi, ndi K1 pa K100. Eni magalaji angapitirize kupempha boma kudzera m'mabungwe ao kuti liganizire za msonkho, koma kudikira yankho anyamata ali osalembetsa ndi kuika miyoyo pa ciswe.

Zofunsa m'banja

Nkhani imeneyi si ya mwini galaji yekha. Mai amene mwamuna kapena mwana wake amagwira nchito pa galaji ayenera kudziwa zinthu zitatu. Kodi dzina lake liri ku NHIMA, ndipo zopereka zikufikadi? Kodi mkazi ndi ana analembedwa? Kodi galajiyo inalembetsa ku Workers' Compensation? Kudulidwa ndalama pa malipiro si umboni wakuti zinafika, motero wanchito ali ndi ufulu wofunsa ku ofesi ya NHIMA ndi nambala ya reji yake.

Ngozi ikacitika, wobvulala auze anchito a cipatala kuti wabvulalira pa nchito, kuti zilembedwe m'buku lake kuyambira tsiku loyamba. Asunge malisiti onse, ndipo mwini galaji adziwitse a Workers' Compensation mosacedwa. Ambiri amataya cipukuta misozi cifukwa conamiza kuti anagwa panyumba, pofuna kuteteza abwana.

Mwini galaji amadziwa kuti injini yosathiridwa oilo imafa, ndipo kuikonza kumadya ndalama zambiri kuposa oiloyo. Cimodzi-modzi ndi anyamata ake. Makanika mmodzi wodziwa nchito akagona miyezi itatu, makasitomala amasamukira kwina. Magalasi a kumaso, zoimikira motoka zacitsulo, ndowa ya madzi oyera pafupi, ndi makadi awiri olipiridwa pa nthawi yake, zonsezi ndi zochipa poyerekeza ndi maliro kapena mlandu. Akulu anati tsoka silinunkha. Tsiku lolembetsa ndi lero, anyamata akali oimirira.