Njira ya Thames: modutsa akavalo kale, lero mukuyenda anthu

M'chaka cha 1996 dziko la Britain lidatsekulira njira ya oyenda pansi ya Thames Path, yomwe imatsata mtsinje wa Thames pa mtunda wa makilomita pafupifupi 300, kuchokera kugwero lake kufupi ndi mudzi wa Kemble mpaka mumzinda wa London.

Gawo lalikulu la njirayi silidalambulidwe kaamba ka alendo ayi. Lidakonzedwa m'zaka za m'ma 1700 kuti akavalo aziyendamo pokoka maboti a katundu. Pomwe eni malo ankakaniza, njira inkapitirira tsidya lina ndipo akavalowo ankawolotsedwa pa bwato. Sitima zapamtunda zitalanda malondawo, mabwato owolotsa adatha, njira n'kudukaduka.

Choncho ntchito yeniyeni ya akuluakulu idali yolumikiza zidutswazo: kukambirana ndi eni minda komanso kumanga milatho ya oyenda pansi, monga wa Temple womwe udamangidwa mu 1989.

Ulendo wonse umatenga pafupifupi masabata awiri, ndipo popeza njirayi ndi ya m'chigwa, mulibe zitunda zotopetsa. Woyenda amadutsa m'madambo odyetsera ziweto ndi m'matauni akale monga Cricklade ndi Lechlade asanafike ku Oxford. Kumunsi kuli Runnymede, komwe Mfumu John idavomereza chikalata cha Magna Carta mu 1215.

Vuto ndi madzi. Nyengo yozizira mtsinjewu umasefukira n'kumiza mbali zina za njirayi, pomwe m'chilimwe wofika kugwero nthawi zambiri amangopeza mwala wachizindikiro pamalo ouma.