Kakompyuta ka Panjinga: Gulani Kokuthandizani, Osati Kongokometsa Chiwongolero

M'boma la Chiradzulu njinga ndi miyendo ya banja. M'mawa uliwonse pamsewu wochokera ku Limbe kupita ku Zomba, akabaza ndi alimi amadutsa pa Njuli, Mbulumbuzi ndi Namadzi atanyamula anthu, matumba a chimanga ndi madengu a tomato. Koma aliponso ena amene amapalasa osanyamula kanthu: bambo amene kuchipatala anamuuza kuti magazi ake akuthamanga, mayi amene akufuna kuchepetsa thupi, kapena mnyamata wolakalaka kudzapikisana. Anthu otere funso lawo silikhala lakuti "ndafika?" koma lakuti "ndayenda mtunda wautali bwanji, ndipo zanditengera nthawi yotani?" Chimene chimayankha funsoli ndi kachipangizo kokhala ngati wotchi komangirira pachiwongolero, kotchedwa kakompyuta ka panjinga. Kena n'kotchipa, kena mtengo wake umaposa wa njinga yeniyeniyo. Nanga banja losamala ndalama lisankhe kati?

Mpikisano wa mbali zitatu

Opikisana amene amadalira kwambiri kachipangizoka ndi a masewera a triathlon, momwe munthu amasambira, kupalasa njinga, kenako kuthamanga popanda kupumula. Masewerawa anayambira ku San Diego m'dziko la America mu 1974, ndipo analowa mu Olimpiki ku Sydney mu 2000. Pa mtunda wa Olimpiki munthu amasambira makilomita 1.5, kupalasa makilomita 40 ndi kuthamanga makilomita 10. Oyamba kumene amachita theka lake: mamita 750, makilomita 20 ndi makilomita 5.

Mbali ya njinga ndiyo yaitali kuposa zonse, ndipo ndi pamene ambiri amaonongera mpikisano. Wopalasa mwaphuma amatsika panjinga miyendo itauma, kuthamanga n'kumukanika. Kakompyuta kamamuthandiza kugawa mphamvu kuti zina zitsalire kutsogolo. Kwa wa ku Chiradzulu amene alibe malo abwino osambirira, pali duathlon: kuthamanga, kupalasa, kenako kuthamanganso. Izi n'zabwino kusiyana ndi kukaphunzirira kusambira m'madamu ndi m'madzi odikha, momwe mumakhala nkhono zofalitsa likodzo.

Mitundu itatu

Mtundu woyamba ndi wa waya. Pa sipoko imodzi ya gudumu lakutsogolo mumamangirira kamaginito, ndipo pafoloko mumaika kachipangizo komva maginitowo akamadutsa. Kakompyuta kamawerenga kuti gudumu lazungulira kangati, n'kukuuzani liwiro, mtunda ndi nthawi. Makampani odziwika pa mtundu umenewu ndi CatEye ya ku Japan ndi Sigma ya ku Germany. Ambiri amayendera kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo, kolembedwa CR2032, kamene kamatha pafupifupi chaka osasintha. Kumudzi kumene kulibe magetsi, uwu ndi mwayi waukulu. Vuto lake ndi wayayo: akakodwa mu udzu kapena mu nthambi amaduka.

Wachiwiri ndi wopanda waya. Umagwira ntchito chimodzimodzi, koma umafuna mabatire awiri, wina pachiwongolero wina pafoloko, ndipo otchipitsitsa nthawi zina amasokonezeka n'kuonetsa liwiro labodza.

Wachitatu ndi wa GPS, umene umadziwa malo muli kudzera m'masetilaiti. Sufuna maginito, mutha kuusuntha kuchoka panjinga ina kupita pa ina, ndipo umasunga njira yonse imene mwayenda ndi zitunda zimene mwakwera. Garmin ndi Wahoo ndi odula. Makampani a ku China monga iGPSPORT, Coospo ndi Magene amapanga otsikirapo mtengo. Koma batire yake imawerengedwa m'maola, osati miyezi, choncho imafuna kutchaja pafupipafupi ngati foni.

Manambala ofunikadi

Wogulitsa angakuwerengereni zinthu 20 zimene kachipangizo kake kamachita. Zimene mudzaziyang'ane tsiku ndi tsiku ndi zitatu: nthawi, mtunda ndi liwiro lapakatikati la ulendo wonse.

Nthawi ndiyo nambala ya thanzi. Malangizo a bungwe la World Health Organization a mu 2020 amati munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi zapakatikati kwa mphindi 150 mpaka 300 pa mlungu, kapena zamphamvu kwa mphindi 75 mpaka 150. Kupalasa mphindi 30 masiku asanu n'kokwanira kufika pa 150. Ambirife tikamangoyerekezera m'mutu timadzinamiza kuti tapalasa ola lathunthu pamene papita theka. Kakompyuta sikakondera.

Liwiro lapakatikati ndiye mboni ya kukula kwa mphamvu. Sankhani njira imodzi ya makilomita 20 imene mumaidziwa. Ngati lero ikukutengerani ola limodzi, ndiye kuti mukuyenda makilomita 20 pa ola. Ikadzayamba kukutengerani mphindi 50, mwafika pa 24. Musayerekeze nambala yanu ndi ya mnzanu wa kuchigwa cha Shire: zitunda za m'munsi mwa phiri la Chiradzulu zimadya liwiro, koma zimalimbitsa mtima ndi miyendo.

Wofuna kupikisana angaonjezere nambala yachinayi, yoonetsa kuti mapedulo akuzungulira kangati pa mphindi. Opalasa ozolowera amakonda pakati pa 80 ndi 90. Kukankha giya yolemera pang'onopang'ono kumatopetsa minofu ndi kupweteketsa maondo. Nambalayi mutha kuipeza popanda kugula kanthu: werengani kuti bondo lamanja lakwera kangati pa masekondi 15, n'kuchulukitsa kanayi. Ngakhale lamba wa pachifuwa woyeza kugunda kwa mtima angadikire. Ngati mukutha kulankhula koma osatha kuimba, mukupalasa mwapakatikati. Ngati mawu akuduka ndi wefuwefu, mwalowa zamphamvu.

Kutchera bwino kumaposa mtengo

Kakompyuta ka maginito sikadziwa kukula kwa gudumu lanu pokhapokha mutakauza. Apa ndi pamene ambiri amaphonya n'kuyamba kunena kuti anagula chachinyengo. Gudumu la njinga zakuda za akabaza, la mainchesi 28, limayenda pafupifupi mamilimita 2,200 likazungulira kamodzi. La mainchesi 26 limayenda pafupifupi 2,050. Mukaika nambala ya gudumu laling'ono panjinga ya gudumu lalikulu, ulendo wa makilomita 40 udzaoneka ngati 37.

Yezani nokha. Popani tayala monga mwa masiku onse, imikani njinga pamalo osalala valavu ili pansi, ndipo lembani mzere padothi. Kwerani, wina akugwirizeni, ndipo yendani molunjika mpaka valavu ibwerere pansi. Lembani mzere wachiwiri, yezani pakati ndi tepi, n'kulowetsa nambalayo. Mpata wa pakati pa maginito ndi kachipangizo ka pafoloko usapitirire mamilimita asanu. Mukatero, kakompyuta kotchipa kamawerenga mtunda molondola mofanana ndi ka GPS, mwinanso kuposa pamene mukudutsa pansi pa mitengo yowirira.

Musanapereke ndalama

Yang'anani manambala ake panja padzuwa. Ngati akufuna kuti muweramire kuti muwaone, kasiyeni, chifukwa maso anu ayenera kukhala pamsewu, makamaka pamene pamadutsa maminibasi. Gwedezani chomangirira chake: misewu yafumbi yolowera kumidzi imagwetsa chilichonse chomangidwa mwachibwana. Funsani ngati kamapirira madzi; kolembedwa IPX7 sikaopa mvula ya dzinja kapena mawawa a chiperoni. Sankhani koyamba kuwerenga kokha gudumu likangoyenda, chifukwa pampikisano simudzakumbukira kudina batani. Ngati n'kogwiritsidwapo kale ntchito, onetsetsani kuti maginito ndi chomangirira zilipo, ndipo zungulitsani gudumu wogulitsa ali pomwepo.

Amene muli ndi foni yamakono muli kale ndi GPS. Pulogalamu ya Strava imasunga ulendo wanu foni ili m'thumba. Kuimangirira pachiwongolero n'kuika pachiswe chinthu chimene banja lonse limalandirira ndalama ndi mauthenga. Kakompyuta ka waya kutsogolo ndi foni m'thumba zimachita pafupifupi zonse zimene chipangizo chodula chimachita.

Ndalama zotsalazo zipite kumene kuli moyo: chisoti chotetezera mutu, mabuleki ogwira, matayala abwino, nyali ndi botolo la madzi. Pampikisano wa triathlon saloleza n'komwe kuchotsa njinga pamalo ake musanamange chisoti. Ngati muli ndi zaka zopitirira 40, kapena muli ndi matenda a shuga, a mtima kapena kuthamanga kwa magazi, yambani mwakayezetsa kuchipatala cha boma cha Chiradzulu kapena china chapafupi. Mukatero pezani kope, ndipo madzulo aliwonse muzilembamo tsiku, mtunda ndi mphindi. Pakatha miyezi itatu, kopelo lidzakuuzani ngati nthawi yakwana yoganizira chipangizo chodulirapo.