A Alfred Diban: Kapolo Amene Anasanduka Kholo la Akhristu

Inu a ku Malomo ndi a m'mapiri onse a Ntchisi ndi Dowa, lero tikumbukire nkhalamba ina ya ku Burkina Faso, dziko lomwe kale linkatchedwa Upper Volta. Dzina lawo ndi a Alfred Diban Ki-Zerbo. Iwowa anali bambo wa pabanja, katekisiti ndiponso gogo wa zidzukulu zambiri, ndipo kwawoko amawatcha mkhristu woyamba wa dzikolo.

A Diban anabadwa cha m'ma 1875 m'mudzi wa Da, pakati pa mtundu wa Asamo. Akali mnyamata anagwidwa nagulitsidwa ngati kapolo kufupi ndi mzinda wa Timbuktu. Kwa ife kuno ukapolo si nthano ayi, pakuti makolo athu anatisimbira za a Jumbe a ku Nkhotakota, amene ankaolotsa anthu pa nyanja kukawagulitsa kutali. Mnyamatayu anathawa, ndipo pambuyo pa mavuto ambiri anafika kwa ansembe a White Fathers ku Ségou. Anabatizidwa m'chaka cha 1901. Chaka chotsatira, 1902, ansembe a chipani chomwecho anatsegula mishoni ya Mua kwathu kuno. Tsono chikhristu cha a Diban ndi chathuchi n'chamsinkhu umodzi.

Atabwerera pakati pa anthu a mtundu wawo, anakhazikika ku mishoni ya Toma, kumene anagwira ntchito ya ukatekisiti zaka zambirimbiri. Munthu amene anazunzidwa chotere akadatha kukhala ndi mtima wa mangawa mpaka kumanda, koma iwo anasankha kumanga banja ndi kuphunzitsa anzawo za Mulungu. Mwana wawo Joseph Ki-Zerbo, wobadwira ku Toma komweko mu 1922, anakhala katswiri wotchuka wa mbiri ya Africa, ndipo mu 1983 anatulutsa buku lofotokoza moyo wa bambo ake. Taganizani, abale anga: munthu wophunzira chotere, wolemba za mafumu ndi maiko, anaona kuti moyo wa bambo ake omubala ndi woyenera kulembedwa.

Mu 1975, ali ndi zaka pafupifupi 100, a Diban anapita ku Roma ndipo Papa Paul VI anawalandira. Anamwalira pa 10 May 1980 ku Ouagadougou, tsiku lomwelo limene Papa John Paul II anayendera mzindawo, akumvetsera Misa ya Papayo pa wailesi.

Nanga nkhani imeneyi ikutiphunzitsa chiyani? Ikutiphunzitsa kuti chikhulupiriro chimalowa m'banja kudzera mwa munthu amene ana akumuona tsiku ndi tsiku. Wansembe amafika pa tchalitchi cha kumudzi mwa apo ndi apo, koma gogo ali pakhomo m'mawa ndi madzulo. Mdzukulu amaona ngati agogo ake amuna amagwada pa korona, ngati amalankhula mwaulemu ndi agogo ake akazi, ngati ndalama za fodya zimafika pakhomo kapena zimathera ku mowa. Zimenezi ndiye katekisimu woyamba. Paulo Woyera yemwe, polembera Timoteo, anamukumbutsa kuti chikhulupiriro chake chinayambira mwa agogo ake a Loisi.

Pachifukwa chimenechi, mu 2021 Papa Francis anakhazikitsa tsiku lokumbukira agogo ndi okalamba, Lamulungu lachinayi la mwezi wa July, kufupi ndi chaka cha Yoakimu ndi Anna Oyera, agogo ake a Yezu.

Inu abambo ndi agogo amene mukundimva, musanene kuti za mapemphero n'za amayi. Itanani zidzukulu madzulo ano, mupemphere nazo, ndipo muzipita nazo ku mphakati. Inunso ana, musawatche afiti okalamba anu chifukwa cha imvi zawo, koma muwasamale, muwafunse za kale akali ndi moyo.

Ambuye adalitse mabanja athu onse. Amen.